Mphepo ya October yafika: ndilowe m'madzi Loweruka kapena ndikhale pamtunda?

Tadala:
Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Ndili ndi funso, mundiyankhe kaye musanandiseke. Windsurfing, masewera oyenda pamadzi utaima pa bodi ya thanga, ndaphunzira chilimwe chomwe chathachi, pa gombe la nyanja yamchere pomwe madzi amakhala bata m'mawa. Ndimatha kudzutsa thanga ndi chingwe, kupita, kutembenuka n'kubwerera pomwe ndachokera, bola liwiro la mphepo lisapitirire ma knot 12 kapena 14 (knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola). Harness, lamba wa m'chiuno wodzikoletsera ku thanga uja, ndangoyamba kumene kuizolowera. Tsopano Windguru, tsamba la pa intaneti lolosera mphepo, ikuonetsa kuti Loweruka kudzakhala ma knot 24, nthawi zina kukankha mpaka 33. Ndili ndi bodi yaikulu ya malita 145 ndi thanga la masikweya mita 6.5, ine ndimalemera makilogalamu 68. Aliyense akuti nyengo ino ya autumn, yomwe kuno kumpoto kwa equator imabwera chilimwe chikatha, ndiye yeniyeni ya masewerawa. Ndilowe?

Kondwani:
Lowani achemwali, musachedwe! Chilimwe chonse timangokhala pamchenga kudikira kamphepo ka masana, lero mphepo yabwera yokha ndiye muzifunsanso? Munthu saphunzira mphepo yamphamvu ali pamtunda.

Lameck:
A Kondwani tadekhani kaye. Achemwali, tisanakambe za ma knot, tiuzeni mphepoyo idzachokera mbali iti. Mukaima pagombe lanulo n'kuyang'ana kunyanja, idzakuombani kumaso, kumsana, kapena pakhutu limodzi?

Tadala:
Gombelo limayang'ana kummwera. Akuti m'mawa idzachokera kummwera chakumadzulo, ndiye cha m'ma 2 koloko masana idzatembenukira kumpoto chakumadzulo.

Lameck:
Apo ndiye pagona nkhani. Ya m'mawayo idzakhala ikuchokera kunyanja mopingasa. Chinthu chitakuthyokerani, idzakukankhirani kugombe, mwina kutali ndi pomwe munalowera, komabe mudzaponda mchenga. Ya masanayo ndi ina. Yochokera kumpoto chakumadzulo pa gombe loyang'ana kummwera ndiye kuti ikuchoka kumtunda kulowera pakati pa nyanja, ndipo chilichonse choyandama, kaya ndi bodi kaya ndi munthu, chimanka chitalikira.

Kuipa kwake imanyenga maso. Mukaima pagombe madzi amaoneka osalala, chifukwa nyumba, mitengo ndi zitunda zimatchinga mphepo pafupi ndi mtunda. Mafunde amakhala akukufulatirani, ndiye thovu lawo simuliona. Mumalowa mukuti lero kwacha bwino. Mukangopita mamita 300 kapena 400 ndi pomwe mumakumana ndi mphepo yonse yathunthu, ndipo kuti mubwerere muyenera kukwera molimbana nayo, luso limene munthu wa chilimwe chimodzi amakhala asanalipeze.

Za 2 kolokozo musazikhulupirire kwambiri. Kutembenuka kotereku kumabwera ndi mpweya wozizira umene a zanyengo amati cold front, ndipo ukhoza kufika msanga ndi ola limodzi kapena awiri. Mukaona mtambo wakuda utayala mzere kumadzulo, mvula n'kuyamba kuwaza, dziwani kuti wafika, ndipo mphepo yoyamba kubwera nawo ndi imene imakhala yaukali kuposa yonse.

Chisomo:
Pepani ndilowererepo, inenso ndine watsopano. N'chifukwa chiyani miyezi ino mphepo imachuluka chonchi? July yense kunali zii.

Yamikani:
Mphepo ya chilimwe ndi ya miyezi ino ndi ziwiri zosiyana, achimwene. Ya chilimwe nthawi zambiri imapangidwa ndi dzuwa pagombe pomwepo. Mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha n'kukwera, wozizira wa kunyanja n'kubwera kudzalowa m'malo. N'chifukwa chake imayamba cha kumasana, imachokera kunyanja, imaomba mofanana, dzuwa likamalowa nayonso imagona. Yabwino kwambiri kuphunzirira.

Ya autumn imachokera kutali. Kumpoto kwenikweni kwa dziko kumayamba kuzizira msanga pomwe kumadera otentha kudakali kotentha, ndiye kusiyana kumeneku kukamakula, mphepo ya m'mwamba ija amati jet stream imalimba n'kumakoka anamondwe kuwoloka Atlantic wina pambuyo pa mnzake. September ndi October pamabweranso zotsalira za anamondwe aakulu aja amati hurricane. N'chifukwa chake kwa a zanyengo a Met Office ku Britain, kuyambira 2015 pomwe anayamba kupatsa anamondwe mayina, mndandanda watsopano umayamba kugwira ntchito mu September. Mphepo yamtunduwu sisamala kuti ndi m'mawa kapena usiku, imakwera n'kutsika, imasintha mbali.

Kwa amene ali kummwera kwa equator nyengo yomweyi imagwa March mpaka May, ndipo cold front ikamadutsa mphepo imatembenukira mbali inayo, kuchoka kumpoto chakumadzulo kupita kummwera chakumadzulo. Koma si kulikonse komwe autumn ndiye mfumu. Ku Cape Town anthu amathamangira mphepo ya kummwera chakummawa ya November mpaka February, chilimwe chenicheni.

Kondwani:
Aphunzitsi a jogalafe afika kkkkk. Funso linali loti alowe kapena asalowe.

Upile:
Ndi thanga la 6.5 asalowe, apo palibe kukambirana. A Tadala, pali masamu amodzi amene aliyense wa masewerawa ayenera kuwasunga m'mutu. Mphepo ikawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga simawirikiza kawiri, imawirikiza kanayi. Inu mwazolowera 12. Pa 24 thanga lomwelo lidzakukokani kanayi kuposa momwe mumadziwira. Pa 33 ndi kupitirira kasanu ndi kawiri. Kuonjezera apo mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wotentha, ndiye ma knot 24 a tsiku la madigiri 5 amakankha kwambiri kuposa 24 a tsiku la madigiri 30, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Pa muyeso wa mphamvu ya mphepo wa Beaufort, 24 ndi Force 6. 33 ndi kumapeto kwenikweni kwa Force 7, knot imodzi yokha kuti ifike pa 34 pomwe amayamba kuchenjeza zombo za mphepo yamkuntho ija amati gale. Munthu wa makilogalamu 68 wodziwa kale, tsiku lotere amatenga thanga la 4.0 kapena 4.2 ndi bodi ya malita 80 kapena 85. La 6.5 lidzakhala ngati kusenza lata pamutu kamvuluvulu akudutsa. Simungathe ngakhale kulifikitsa kumadzi kuchoka pomwe mwamangira.

Tadala:
Amayi a Upile mwandiopsa ndithu. Nanga bodi yanga ya 145 ija, ndimayesa kukula kwakeko ndiye chitetezo?

Upile:
Ndi chitetezo pa mbali imodzi, mwanawe. Mphepo ikafa mwadzidzidzi, bodi yaikulu imakunyamulani, mumaima n'kudzutsa thanga ndi chingwe. Anthu a timabodi ting'onoting'ono aja mphepo ikatha amamira mpaka m'mawondo n'kuyamba kusambira. Koma pa mafunde a Force 6 bodi yotakata imadumphadumpha, mphepo imalowa kunsi kwake, mphuno n'kudzuka, ndipo kuimirira pamenepo kuti mukoke chingwe n'kotopetsa zedi. Mukakoka kangapo msana ndi mikono zimatha. N'chifukwa chake timati musanafunefune mphepo yaikulu panyanja yamchere, phunzirani waterstart, kuti thanga lizikudzutsani lokha kuchoka m'madzi m'malo moti inu muzilidzutsa.

Kondwani:
Eya, pamenepo ndiye ndikufuna ndikugwireni. Waterstart munthu angaiphunzire pa ma knot 10? Sizitheka. Imafuna mphepo yokwanira kuti ikunyamule, 15 kupita m'mwamba. Ndiye mukamawauza anthu kuti dikirani mpaka mudziwe waterstart, kwinaku mukuwaletsa kulowa kukakhala mphepo, adzaidziwa liti? Gulu lino tili ndi chizolowezi choopseza atsopano mpaka amagulitsa zida zawo. Ine ndaona anthu ambiri asiya masewerawa chifukwa chotopa ndi kuyandama pa kamphepo kochepa kuposa amene asiya chifukwa cha ngozi. Tsiku limene bodi imadzuka n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi, phokoso la pansi lija n'kusintha kukhala tatatata, ndi tsiku limene munthu amagwidwa mpaka kalekale. Tsiku limenelo silibwera mu July.

Lameck:
Apa a Kondwani mwanena zoona, sinditsutsa. Vuto langa si mphepo yamphamvu ayi, ndi malo. Mphepo ya 20 pamalo osaya, pomwe munthu akagwa amaponda pansi madzi n'kumulekeza m'chiuno kapena m'chifuwa, mphepo ikukankhira kugombe, ndi sukulu yabwino kuposa ina iliyonse. Mumagwa, mumaimirira, mumakokera thanga pamwamba pa mutu, mumayesanso. Mphepo yomweyo panyanja yotseguka, pakuya, ikutembenukira kumtunda masana, ndi nkhani ina.

Ndiye achemwali, ngati pali kadoko kotchingika kapena dambo la madzi amchere losaya pafupi nanu, bwerekani thanga la 4.0, pitani kumeneko m'mawa, mukhale ndi munthu wodziwa, ikamakwana 12 koloko mukhale mutatuluka. Ngati kulibe malo otere, Lamlungu mwina kudzakhala 16 mpaka 18 namondwe atadutsa. Yang'anani.

Kondwani:
Basi tamvana. Koma 12 koloko n'kufulumira, aphunzitsi.

Lameck:
Mtsinje wa Tinkanena unakathera mu Siizi, achimwene. 12 koloko.

Chisomo:
Nanga madzi sakhala ozizira kale? Ine ndili ndi ka wetsuit, chovala chofunditsa thupi m'madzi, kakafupi ka m'chilimwe.

Upile:
Chodabwitsa n'chakuti kumayambiriro kwa autumn madzi a m'nyanja amakhala ofunda kuposa a mu May kapena June. Nyanja imachedwa kutentha, imachedwanso kuzizira, ndiye madera ambiri a kumpoto madzi amafika pofunda kwambiri kumapeto kwa August ndi mu September. Chimene chimapweteka mu October ndi mphepo ikamaomba thupi lonyowa. Mumatuluka m'madzi a madigiri 14 n'kukaima pa bodi, mpweya uli pa 9, mphepo ili pa 25. Kakafupi kanuko sikangakuthandizeni. Pezani yaitali ya 4/3, ndipo November akamalowa 5/4 ndi nsapato zake. Manambalawo ndi mamilimita a kunenepa kwa nsaluyo, yoyamba ndi ya pachifuwa ndi kumsana, yachiwiri ndi ya mikono ndi miyendo.

Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, amati pafupifupi ka 25. Ndipo madzi osafika madigiri 15 ali ndi vuto lina loyambirira: mukagweramo mwadzidzidzi thupi limakoka mpweya lokha, osafuna, n'kuyamba kupuma mwabefu. Mutu ukakhala pansi pa madzi nthawi imeneyo mumameza. Gordon Giesbrecht wa ku Canada, amene wafufuza kwambiri za kuzizidwa m'madzi, anaphunzitsa kalamulo ka 1-10-1: mphindi imodzi yoti mugwire mpweya wanu, mphindi 10 zomwe manja ndi miyendo zimagwirabe ntchito bwino, ndi pafupifupi ola limodzi munthu asanakomoke. Izo ndi za madzi ozizira kwambiri munthu alibe wetsuit, koma chapakaticho ndi chimene chimatikhudza ife. Zala zimayamba kufa munthu akadali bwinobwino m'mutu. Mumayang'ana mfundo ya chingwe, mukudziwa momwe imamasulidwira, koma chala chachikulu ndi chamkombaphala zikukanika kugwirana. Mukaona kuti mukuvutika kukoletsa harness kapena kugwira molimba boom, chogwirira thanga chija, imeneyo ndi nthawi yotuluka, ngakhale mphepo ikukoma bwanji.

Gift:
Palibe amene wanena za kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Amene munaphunzirira pa nyanja za kumtunda zopanda mchere, apa ndi pomwe pamakugwetsani. Madzi amadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku, kuchoka podzaza kufika pophwa ndi maola 6 ndi mphindi zochepa, koma sayenda liwiro limodzi. Amalinyero amagawa ulendowo m'magawo 12: ola loyamba limasuntha gawo limodzi, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Ndiye kuti theka la madzi onse limayenda m'maola awiri apakatiwo. Pakamwa pa mtsinje kapena pa doko lopapatiza, nthawi imeneyo madzi amathamanga ma knot angapo. Inu mukagwa n'kumalimbana ndi thanga kwa mphindi 10, mukadzutsa mutu mupeza kuti pomwe munalowera pali kutali.

Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, patapita tsiku limodzi kapena awiri, kudzaza ndi kuphwa kumakula kwambiri, ndipo kumafika pachimake cha m'ma March ndi kumapeto kwa September pomwe usana ndi usiku zimafanana. Ndiye nyengo ya mphepo yabwinoyi ndi yomwenso madzi amakoka kwambiri.

Chinanso: mphepo ikamapita mbali ina madzi akupita mbali yotsutsana nayo, mafunde amafupika n'kuimirira njo. Malo omwewo amene anali osalala 10 koloko, 1 koloko amakhala mabampu okhaokha.

Tadala:
A Gift, ndiye nthawi yabwino ndi iti? Nyanja ikadzaza kapena ikaphwa?

Gift:
Zimatengera gombe. Kwina ikadzaza mafunde amamenya pamchenga potsetsereka, amathyola mlongoti munthu asanakwere n'komwe. Kwina ikaphwa pamatuluka miyala, kapena mumayenda mtunda wautali mutanyamula zida. Funsani amene amalowa pamenepo chaka chonse, ndipo mupite tsiku lina nyanja itaphweratu mukaone pansi pake ndi maso anu, pomwe pali miyala, pomwe pali ngalande. Kwa wophunzira, ndimakonda madzi akamadzaza, chifukwa pa doko amakukokera mkati osati kunja.

Lameck:
Ndionjezere za zida, chifukwa zimene zapirira chilimwe chonse zimathyoka tsiku loyamba la mphepo yeniyeni. Choyamba kuyang'ana ndi kamphira kolumikiza mlongoti ndi bodi. Kapindeni ndi manja mbali zonse, muyang'anitsitse pafupi ndi mabawuti. Mukaona timing'alu ngakhale tating'ono, sinthani. Dzuwa ndi mchere zimakadya mwakachetechete. Kakaduka muli pakati, thanga limatsala m'manja mwanu, bodi n'kuthawa ndi mphepo, ndipo zikatero siyani thanga, thamangirani bodi. Thanga silikuyandamitsani.

Kenako zingwe: cha pansi pa thanga, cha kumapeto kwa boom, ndi za harness. Paliponse pomwe payera kapena paoneka ubweya, chingwecho chatha. Bawuti ya chipsepse cha pansi pa bodi imangeni. Mutenge kachingwe kapadera ka mamita awiri mukamangirire pa harness, ndi kamene mungamangire nako boom itamasuka, kapena mnzanu angakukokereni nako.

Ndipo pomanga thanga tsiku la mphepo, kokani chingwe cha pansi mwamphamvu kuposa momwe mumachitira. Atsopano ambiri amaopa, amaona kumtunda kwa thanga kwakhwepa n'kumati alakwitsa. Ayi, kuyenera kukhwepa ndithu, mpaka cha pa batten (kandodo kolimbitsa thanga) yachiwiri kapena yachitatu kuchokera pamwamba. Kukhwepako ndi kumene kumataya mphepo ikakankha mwadzidzidzi. Thanga losakokedwa bwino limatupa mimba, limalemera kudzanja lakumbuyo, kenako limakuponyani kutsogolo pamphuno pa bodi muli chikolekere pa harness.

Kondwani:
Catapult! Aliyense ali nayo yake kkkk. Boom osaisiya ikakuponyani, gwirani zolimba, apo ayi mutu ukakumana ndi mlongoti. Ndi chisoti valani, musachite manyazi.

Chisomo:
Nanga zikavuta zenizeni, mlongoti wathyoka kapena mphepo yandiposa, ndichite chiyani?

Upile:
Musasiye bodi. Ndibwereze: musasiye bodi kuti musambire kupita kumtunda. Gombe limaoneka pafupi kuposa momwe lilili, ndipo mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka, pomwe bodi ndi thanga zimaonekera patali. Ndinaonapo ndili pamtunda bambo wina atathyokeredwa mlongoti. Anakhala pa bodi, miyendo uku ndi uku, n'kumakweza ndi kutsitsa manja onse awiri pang'onopang'ono atawatambasula m'mbali. Chimenecho ndi chizindikiro chodziwika padziko lonse choti munthu ali pamavuto panyanja. Ife tinaona, tinaimbira opulumutsa anthu, anakamutenga ali bwinobwino, kungozizidwa. Akanati azigwedeza dzanja limodzi tikanayesa akupereka moni.

Ngati mtunda uli pafupi ndipo mphepo si yotsutsana nanu, mukhoza kumasula boom, kukulunga thanga, kuligoneka pa bodi, inu n'kugona pamwamba n'kumapalasa ndi manja. Koma kukulunga thanga pamafunde ndi zala zozizira si masewera, yeserani kaye pamalo osaya tsiku labata. Mphepo ikakhala yochokera kumtunda, thanga lisiyeni m'madzi lili chilumikizire, limagwira madzi n'kuchepetsa liwiro lomwe mukutengedwera. Pemphani thandizo msanga, kudakali kowala. Foni muiike m'kathumba kosalowa madzi mkati mwa wetsuit, ndipo nambala ya opulumutsa a dera lanu muidziwiretu. Amene ali ndi wailesi ya VHF, ndi channel 16.

Mukagwa n'kupezeka pansi pa thanga, musalimbane nalo kulikankhira m'mwamba, madzi amaligwira. Masulani harness, gwirani mlongoti kapena batten, muitsate ndi dzanja mbali imodzi mpaka mutuluke.

Gift:
Ndi dzuwa musaliiwale. Mu June munthu ukhoza kulowa 6 koloko madzulo n'kukhalabe ndi maola owala. Kumapeto kwa October ku Ulaya mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la mweziwo, mwadzidzidzi 5 koloko kwada. Magombe ambiri opulumutsa osambira amakhala atatseka kale ntchito ya chaka, maboti ongoyenda nawonso achepa. Amene angakuoneni ndi ochepa. Uzani munthu wa kunyumba pomwe mwalowera ndi nthawi yomwe mutuluke.

Yamikani:
Koma tisangoopsezana, nyengoyi ili ndi ulemerero wake. Mipikisano ikuluikulu ya mafunde yambiri imachitika miyezi yomwe ino. World Cup ya pa chilumba cha Sylt ku Germany imakhala kumapeto kwa September kulowa October, pa gombe la Westerland, mphepo yochokera kunyanja, mafunde osokonekera, akatswiri amathyola zida anthu akuonerera. Tiree Wave Classic ku Scotland imachitika mu October kuyambira m'ma 1980, ndipo ubwino wa chilumba chimenecho n'ngwakuti chili ndi magombe mbali zonse, mphepo ikatembenuka anthu amangosamukira gombe lina. Weymouth Speed Week ya ku Portland Harbour, yomwe inayamba mu 1972, nayonso ndi ya October. Ku Hawaii mafunde akuluakulu a kumpoto akayamba kufika pa Ho'okipa, ku Maui, ndi pomwe amachita Aloha Classic.

A Tadala, za Tiree zija ndi phunziro kwa inu. M'malo mofunsa kuti kodi mphepo ya Loweruka ikuyenera gombe langa, tsegulani mapu mufunse kuti ndi gombe liti likuyenera mphepo ya Loweruka. Mwina mphindi 30 pagalimoto pali lina loyang'ana kumadzulo, komwe mphepo zonse ziwirizo zidzakhala zochokera kunyanja.

Tadala:
Zimenezo sindinaziganizirepo. Lilipo ndithu lina loyang'ana kumadzulo, koma kumakhala anthu ambiri, a kite ndi a wing omwe, masewera ena oyendera mphepo pamadzi. Ndimaopa kugundana nawo.

Lameck:
Kuchuluka kwa anthu tsiku la mphepo ndi mwayi wanu, pali maso ambiri. Malamulo ake ndi atatu basi. Mukamakumana maso ndi maso, amene dzanja lake lamanja lili kutsogolo pafupi ndi mlongoti ndiye mwini njira, asasinthe komwe akupita, winayo apatuke. Mukamapita mbali imodzi, amene ali kumtunda kwa mphepo apatukire amene ali kumunsi. Wopitirira mnzake ndiye amazemba. Pamafunde pali chizolowezi china, malo ambiri wotuluka kupita kunyanja amapatsidwa mpata chifukwa sangathe kukhota msanga, koma funsani eni malowo. Musanatembenuke cheukani kumbuyo. A kite musadutse kumunsi kwawo pafupi, zingwe zawo ndi zazitali mamita oposa 20.

Kondwani:
Ndipo mukakhala mwini njira musamatseke maso n'kumati ndili ndi ufulu. Winayo mwina sakudziwa lamulolo, mwina thanga lamuposa. Zembani basi.

Chisomo:
A Yamikani mwatchula za liwiro. Zinthuzi zimathamanga mpaka pati?

Yamikani:
Antoine Albeau wa ku France anafika ma knot 53.27 pa mtunda wa mamita 500 mu 2015, ku Lüderitz ku Namibia. Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, ndiye muwerengere, ndi pafupifupi makilomita 99 pa ola, munthu ataima pa thabwa. Koma kumeneko anakumba ngalande yapadera kuti madzi akhale osalala mphepo ikuomba mwaukali. Ife wamba tikafika 25 kapena 30 timakhala tikukuwa kale.

Mukaganiza kuti zonsezi zinayamba ndi kamphira komwe a Lameck akunena kuti tikapinde kaja. Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer ku California analembetsa luso lawo mu 1968, ndipo mtima wake unali womwewo, mlongoti wosamangiriridwa njo koma wotha kugwera mbali iliyonse, munthu n'kumawongolera poupendeketsa kutsogolo kapena kumbuyo, popanda chiwongolero. Pambuyo pake makhoti a ku Britain anavomereza kuti Peter Chilvers anali atapanga kale chofanana nacho ali mnyamata mu 1958 pa Hayling Island. Ku Olympics masewerawa analowa mu 1984 ku Los Angeles, amayi anayamba kupikisana paokha mu 1992 ku Barcelona, ndipo mu 2024 ku Marseille anagwiritsa ntchito iQFoil, bodi yomwe imanyamuka kuchoka pamadzi.

Kondwani:
Robby Naish anapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1976 ali ndi zaka 13. Akanakhala pagulu lino mukanamuuza kuti atuluke 12 koloko.

Upile:
Anakulira ku Hawaii, madzi ofunda, mphepo yosasinthasintha. Abwere adzalowe mu November kuno zala zitafa tione kkkk.

Tadala:
Zikomo nonse. Ndalankhula ndi mnzanga amene ali ndi thanga la 4.2, wavomera kundibwereka ndipo tipitira limodzi ku gombe loyang'ana kumadzulo lija. Akuti kumapeto kwake kuli malo osaya kuseri kwa mchenga. Funso lomaliza, poti mwanena za zala: ndigule magolovesi?

Upile:
Pa October ayi. Magolovesi onenepa amakulitsa boom m'manja, mumafinya kwambiri osadziwa, ndipo mikono imauma pakangopita mphindi zochepa. Ambiri amakonda aja otseguka pachikhatho, amatchinga mphepo kuseri kwa zala koma chikhatho chimagwira boom mwachindunji. Amenewo mudzawafuna December. Pakadali pano ndalamayo gulirani chipewa cha neoprene, nsalu ya wetsuit ija, ndi nsapato.

Zala zikazizira tulukani, muzipukuse mikono mozungulira kuti magazi atsikire kunsonga. Zidzawawa kwambiri kwa mphindi zingapo magazi akamabwerera, ena mpaka amamva nseru, koma zikatha apo nthawi zambiri mumatha kulowanso kwa nthawi yotalikirapo. Musaziike m'madzi otentha.

Gift:
Mlongoti wa 6.5 sungakwane pa 4.2, ndi wautali. Muwauze anzanuwo abweretse mlongoti wake, mwina wa masentimita 400 kapena 370, ayang'ane zomwe zalembedwa m'munsi mwa thangalo. Boom yanunso muione ngati imafupika kufika pamenepo.

Tadala:
Ndawatumizira uthenga. Akuti mlongoti ali nawo wa 400, boom ndiye ayang'ana madzulo ano.